Zimene Gonaria Anaona ku Chitsime cha Paphiri

Mannheim, 5 Marichi 1978

Gonaria mng'ono wanga,

Uli bwanji, nanga amayi maso aja akuti bwanji? Ine kuno ndili bwino, kungoti miyendo imatupa chifukwa choimirira tsiku lonse ku fakitale. Chichokereni Khirisimasi sindinaone kalata yako. Kodi mapepala anatha m'mudzi monse mwa Sennule, kapena ukudikira kuti ndiyambe ndafa?

Ndili ndi pempho. A Wieland, eni nyumba imene ndimakhalayi kuno ku Jeremani, akubwera ku chilumba chathu pa Pasaka. Ndi achikulire, anali aphunzitsi, ndipo chimwalirireni akazi awo chimene chatsala m'mutu mwawo ndi miyala yakale basi. Tsiku lina tikudya ndinangotchula kuti paphiri lathu pali chitsime cha masitepe ndi mabwinja a tinyumba tozungulira, komwe tinkathamangitsana tili ana. Anasiya kudya. Akuti kumeneko unali mudzi wa mapemphero zaka zikwi zitatu zapitazo, ndipo anthu ankabwera kuchokera kutali kudzagonera pa chitsimepo. Ine ndinati, "Ifetu timangomwetsapo nkhosa." Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

Ndiye uwalandire. Agone m'chipinda changa, uwaphikire bwino, usawapatse vinyo wambiri chifukwa amayamba kuimba. Chitaliyana amalankhula chothyokathyoka koma mudzamvana. Umuuze mlongo wathu Mialinu kuti awaperekeze kuphiriko, poti ndi komwe amadyetsera nkhosa zake. Akayamba zamanyazi zake zija umuuze kuti ndalamula ndine, amene ndinkamupukuta mamina.

Anthu awa anandisunga bwino pamene ndinadwala chaka chatha. Musandichititse manyazi.

Mkulu wako,
Bastiana


Sennule, 4 Epulo 1978

Achemwali,

Moni. Ife tili bwino. Amayi akuona pang'ono kuwala kwa pazenera, nkhope za anthu ayi. Akuti ndikupatseni moni ndipo muzivala zofunda.

Alendo anu anafika, anagona masiku atatu, anabwerera. Ndi munthu wabwino. Anawathandiza amayi kusenda nyemba.

Mialinu sanapeze mpata, ndiye kuphiri ndinawaperekeza ndine. Sitinakhalitseko. Palibe choona kumeneko, ndi miyala ndi minga basi.

Ndikupempheni chinthu chimodzi. Musatumizenso alendo ena, ndipo ngati a Wieland ali ndi anzawo ofuna kubwera, muwauze kuti njira inagumuka. Mukamandilembera, lembani za thanzi lanu ndi za ntchito. Za kuphiri zisiyeni.

Kuno mvula yagwa bwino ndipo nkhosa zili ndi mkaka wambiri.

Ine wanu,
Gonaria


Mannheim, 16 Epulo 1978

Gonaria,

Moni kwa amayi ndi kwa mbusa wathu waulesi uja. Kalata yako ndalandira, ngati n'kuitcha kalata. Ndinaitembenuza kufuna kuona ngati mawu ena anagwera kuseri.

Kodi ndinakulakwira chiyani? Ndakutumizira mlendo mmodzi yekha m'zaka zisanu ndi zinayi, ndiye ukuti ndisatumizenso. Ngati ukuona kuti ine ndinathawa n'kukusiyira amayi, nena poyera, tikambirane ngati anthu akuluakulu.

A Wieland abwera akumwetulira ngati akwatira. Sakusiya kukamba za chitsime, akuti masitepe ake ndi makumi awiri mphambu atatu ndipo miyala yake inalumikizana popanda matope. Koma andiuzanso zimene iwe unabisa. Akuti unakomoka kumabwinjako, unagwa chagada, ndipo utadzuka unawagwira mkono n'kuwakokera kumudzi ngati mbuzi yokana kugulitsidwa. Anali asanaone n'komwe theka la malowo. Akudandaula kuti mwina anakuyendetsa kwambiri padzuwa.

Tandiuza zoona. Ukudwala? Kapena ukuopabe nthano za amayi zija zoti m'chitsimemo mumakhala mkazi wokoka ana? Uli ndi zaka makumi atatu ndi zinayi iwe. Kapena pali mwamuna wina amene sindikumudziwa, ndipo kukomokako ndi kwa mtundu uja? Ngati ndi choncho usaope, sindikulalatira kwambiri.

Ndaikamo chithunzi chimodzi mwa zimene anajambula. Ukuoneka patali, waima pafupi ndi kanyumba kofoleredwa ndi nthambi zatsopano. A Wieland akufunsa kuti amagonamo ndani, poti akuti anaona kautsi. Ndawauza kuti mwina ndi Mialinu. Umufunse.

Bastiana


Nuoro, 27 Epulo 1978

Achemwali,

Ndikulemba ndili m'tauni, kunyumba kwa msuweni wathu Pasqua. Ndabwera kudzatenga mankhwala a amayi, ndipo kalatayi ndiponya konkuno. Kuyambira lero mayankho anu azifikira kwa Pasqua. Kalata yanu ija inandipeza itatsegulidwa n'kumatidwanso ndi ufa. Chithunzi munalibe.

Sindikudwala, ndipo palibe mwamuna. Khalani pansi muwerenge nokha.

Nditamuuza Mialinu za alendo, anakana nthawi yomweyo. Anati, "Musapite nawo kumeneko. Apititseni ku tchalitchi chakale, nakonso kuli miyala." Ndinayesa kuti ndi ulesi chabe. Ndinaopanso kuti mudzandinena, ndiye Lachiwiri m'mawa ndinawatenga osamuuza. Tinadzera kanjira ka mbuzi kakumunsi, kamene anthu anasiya kuyendamo. Mwina n'chifukwa chake palibe anationa tikubwera.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Malowo ndi momwe munawasiyira, makoma ozungulira ofika m'chiuno, bwalo lija la mpando wamiyala kuzungulira, ndi chitsime pakati. Chimene ndinadabwa nacho n'choti kunalibe belu la nkhosa ngakhale limodzi, pamene Mialinu amati amadyetsera komweko. A Wieland anavula chipewa, n'kuyamba kutsika masitepe akuwerenga mokweza m'chilankhulo chawo. Ndinawakuwira kuti asamale ndere. Kenako ndinapita kuseri kwa tinyumba kukadzithandiza.

Kanyumba komalizira kanali ndi denga la nthambi zaziwisi. Ndili chinjutire kuseri kwake, ndinamva munthu akutsokomola mkati. Ndinasuzumira pa mpata wa miyala.

Munali bambo atakhala pansi, atatsamira khoma. Kumutu anamuveka thumba lansalu yakuda lomangidwa m'khosi. Mwendo umodzi unali ndi unyolo wokhomeredwa pa chikhomo chachitsulo. Nsapato zake zinali za m'tauni, zopanda zingwe, ndipo manja ake anali ofewa, osati a munthu wa kuphiri. Pambali pake panali buledi wathu wopyapyala, amene ndinaphika ndekha Loweruka, atakulungidwa m'nsalu yathu ya mizere yofiira, ija amayi anaika chigamba pakona. Nsalu imeneyo ndimamukulungiramo Mialinu kamba wake sabata iliyonse.

Bamboyo anatembenuzira mutu kumene ndinali. Ananong'ona kuti, "Ndamva mawu a mayi. Mayi, mulipo? Ndine Deplano, dokotala wa mano. Mukawauze akazi anga kuti ndili moyo."

Mukukumbukira kapena ayi, sindikudziwa ngati nkhani zake zimafika kumeneko. Ndi uja anabedwa mu Januwale pakhomo pa chipatala chake kugombe.

Sindinamuyankhe, achemwali. Ndinangodzuka. Nditakweza maso ndinaona pa thanthwe lakumtunda munthu atagona chamimba, ndi mpope wa mfuti ukunyezimira. Nthawi yomweyo a Wieland anatulukira ndi kamera yawo, akubwera molunjika kukanyumbako, akuti, "Taonani, denga ngati lakale lenileni." Ndinayenda kukakumana nawo, ndinadzigwetsa patsogolo pawo. Poyamba ndinkanamizira, koma mutu utagunda mwala miyendo inakanadi kudzuka. Potsika phiri msana wanga wonse unkadikira chipolopolo. Iwo ankangondifunsa mayina a maluwa.

Alendo atachoka, Mialinu anabwera masana ndikukanda ufa. Anatseka chitseko cha kukhitchini.

"Ndinakuuzani kuti musapite."

"Buledi wanga akudya ndani?"

Anasuzumira pazenera. Kenako anati, "Zizzu Mereu anali atamuloza Mjeremani wanuyo ndi mfuti kuyambira pamene munafika. Ndinamugwira mkono. Ndinalumbira kuti simunaone kanthu. Ndiye simunaone kanthu, mwamva?"

Ndinamufunsa kuti analowamo bwanji m'zimenezi. Akuti ndi Zizzu amene anamubwezera nkhosa zake zija zitabedwa chaka chatha. Mu Januwale anangomuuza kuti azibweretsa chakudya cha munthu mmodzi woonjezera, osafunsa mafunso. Akuti pamene anadziwa, kunalibenso kotulukira. Analira, achemwali, atatsamira chitofu, mwamuna wa ndevu zake. Munthuyo anamusamutsa tsiku lomwelo, sindikudziwa kuti ali kuti.

Tsopano chithunzi chija chili m'manja mwa wina, pamodzi ndi mawu anu ofunsa za utsi. Tengani zithunzi zonse kwa a Wieland muzitenthe. Auzeni bodza lililonse.

Ndipo ndiuzeni chochita. Loweruka likubwerali ndiyeneranso kuphika.

Gonaria


Mannheim, 6 Meyi 1978

Gonaria wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli moyo ndi amayi. Yako yachedwa masiku asanu ndi atatu. Ndinaiwerengera m'chimbudzi cha ku fakitale, ndipo mnzanga wa pa makina anachita kudzagogoda.

Ndine ndinakutumiza kumeneko, ndiponso ndine ndinatumiza chithunzi. Nkhani za mwamuna zija ndinalemba ndikuseka. Ndikhululukire.

Zithunzi ndatentha, ndi filimu yomwe. A Wieland ndinawauza kuti kwathu n'koletsedwa kujambula malo akale popanda chilolezo ndipo iwe ungamangidwe. Anandipatsa zonse, n'kupepesa kawiri. Sindikudziwa ngati anakhulupirira. Madzulo ake anandifunsa kuti, "Bastiana, mng'ono wako uja ali pa mtendere?" Ndinati inde.

Tsopano mvera. Usapite kupolisi. Usapite kwa abambo mfumu. Usamuuze ngakhale Pasqua. Ukudziwa zimene zinachitikira banja lija la kumunsi kwa chigayo bambo wawo atalankhula. Anthu ngati dokotalayo abale awo amakambirana ndi owagwirawo, pakapita miyezi amabwerera kwawo. Siwe unamugwira. Iwe phika buledi monga mwa masiku onse, pita ku Misa, seka ndi amayi anzako pa mpopi. Ukasintha kanthu kalikonse adziwa.

Ndikudziwa kuti zimene ndikulembazi n'zoipa. Koma Mialinu ndinamubereka kumsana ine pamene amayi ankadwala, ndipo dokotalayo sindikumudziwa.

Ndapempha tchuthi, akuti mpaka Ogasiti. Undilembere sabata iliyonse, ngakhale mzere umodzi.

Bastiana


Nuoro, 19 Meyi 1978

Achemwali,

Moni. Tili moyo. Kalata yanu ndaipeza kwa Pasqua lero.

Ndinayesa kuchita monga mwanenera ndisanawerenge n'komwe. Ndinaphika, ndinapita ku Misa. Koma sabata yatha akazi a dokotala uja analankhula pa wailesi. Sanalire. Anangoti amuna awo ali ndi matenda a mtima, mapiritsi amene anali nawo m'thumba anatha kalekale, ndipo anatchula dzina la mapiritsiwo kawiri, pang'onopang'ono, kuti womva alembe. Ndi omwe aja amamwa amayi. Botolo linali pa shelefu patsogolo panga.

Ndinatapako theka, ndinakulunga m'kapepala, ndinamupatsa Mialinu pamodzi ndi buledi. Anati, "Mukufuna kundiphetsa." Ndinati, "Akafera m'manja mwako, udzakhala wakupha munthu moyo wako wonse." Anaika m'sokosi.

Lachitatu masana kunabwera Zizzu Mereu. Anabweretsa mwendo wa nkhosa, akuti wa amayi. Anakhala pampando wa malemu abambo, n'kumacheza nawo za mvula ndi za anthu amene anamwalira kale. Amayi anasangalala kwambiri, ankangoti, "Gonaria, mpatse khofi mwana wa Mereu." Ndikuthira khofi, anatulutsa chithunzi chija n'kuchiika pa tebulo pafupi ndi kapu.

"Mlendo wanu amajambula bwino," anatero. "Ndi wa ntchito yanji kwawoko?"

"Anali mphunzitsi. Anapuma."

"Aphunzitsi amafunsa mafunso ambiri. Nanga inu, mutu uja unapola? Ndinamva kuti munagwa."

"Linali dzuwa."

"Dzuwa la kuphiri n'loipa. Ena likawawomba amayamba kuona zinthu zoti kulibe." Anamwa khofi. "Mlongo wanu ndi mnyamata wabwino, kungoti mtima wake ndi wofewa. Masiku ano wayamba udokotala."

Amayi anaseka, anati Mialinu sangathe ngakhale kuchotsa munga. Zizzu anaseka nawo. Potuluka anawapsompsona dzanja, chithunzi n'kubweza m'thumba.

Ndiye za mapiritsi akudziwa. Nyama ija ndinapatsa agalu a oyandikana nawo, amayi ndinawauza kuti inali itayamba fungo.

Ndikamva galimoto ikuima pamsewu ndimasiya chimene ndagwira. Pasqua akuti ndaonda, akufuna kundiperekeza kwa dokotala. Pemphererani mlongo wanu.

Gonaria


Nuoro, 2 Juni 1978

Achemwali,

Sindinapeze kalata yanu kwa Pasqua. Mwina ili m'njira. Ine sindingadikire.

Dokotala uja ali moyo, ali kwawo. Mialinu sakuoneka.

Loweruka lapitali anabwera masana kudzatenga buledi. Sanafulumire monga amachitira. Anadya mbale ziwiri, anawawenga amayi zikhadabo, anakonza chitseko cha khola la nkhuku chimene ndakhala ndikumuuza chichokereni chaka chatha. Ndikumuperekeza pakhomo anandiuza motsitsa mawu kuti, "Munthu uja sakuthanso kuyenda. Apolisi ayandikira, ndipo Zizzu akuti sanganyamule katundu wolemera. Akuti Lolemba." Ndinamufunsa kuti Lolemba chiyani. Anadutsitsa chala pakhosi pake. Kenako anati, "Mawa m'mawa mlonda ndine ndekha," n'kumapita.

Lamulungu woyendetsa galimoto yotolera mkaka anapeza dokotalayo atakhala m'mbali mwa msewu waukulu, atafunda jekete la mbusa. Pa wailesi akuti anauza apolisi kuti mnyamata wina anamubereka kumsana maola anayi, ndipo nkhope yake sanaione.

Lolemba nkhosa za Mialinu zinatsika zokha kumudzi, mabere atatupa, zikulira m'misewu. Palibe anatuluka kudzafunsa. Ndinazikama ndekha. Amayi pa mpopi akandiona amayang'ana m'ndowa zawo. Lachiwiri mkazi wa Zizzu anandidutsa pafupi n'kunena osandiyang'ana, "Ngati mwataya kanthu, kayang'aneni kumene munkacheza ndi Mjeremani."

Ndinapita Lachitatu m'mawa, ndekha, ndi ndodo yaitali yokolowolera zipatso. Amayi ndinawauza kuti ndikukathyola ndiwo. Njira yonse ndinkapemphera kuti ndithyoke mwendo ndisafike.

Kumabwinja kunali zii. Denga la kanyumba kaja analigwetsa n'kulitentha, chikhomo chachitsulo chokha ndi chimene chinatsala. Ndinalowa m'tinyumba tonse kamodzikamodzi, ndikuitana dzina lake motsitsa. Chitsime ndinachisiya komalizira. Nditaima pamwamba pa masitepe ndinamva ntchentche.

Mukudziwa mmene makoma amapanikizirana munthu akamatsika, ndi mmene kumazizirira. Ndinatsika chokhala, sitepe imodziimodzi. Pansi pamadzi pankayandama chinthu chakuda. Ndinakhala pa sitepe yomaliza nthawi yaitali ndisanatambasule ndodo. Nditachikoka chinatembenuka, ndinaona ubweya.

Anali galu wa Mialinu, Murru, atamudula pakhosi. Ndinapisa ndodo paliponse mpaka pansi, madziwo ndi ofika m'chifuwa basi. Munalibe china.

Ndinamutulutsa galuyo, ndinamukwirira ndi miyala kunja kwa mpanda. Sindikudziwa ngati akutanthauza kuti Mialinu anamupha kale, kapena kuti akumufunabe. Amayi akufunsa tsiku lililonse chifukwa chake sakubwera kudzadya. Ndawauza kuti wapita kukameta nkhosa za anthu kuchigwa.

Ndikadapanda kumupatsa mapiritsi aja, mwina bwenzi ali pakhomo. Ndikaganizanso ndimaona kuti ndikadamupatsabe. Musandikalipire, sindingathe kupirira.

Gonaria


Mannheim, 20 Juni 1978

Gonaria,

Werenga uli kuchipinda kwa Pasqua, chitseko chotseka.

Ali kuno. Ali moyo. Pamene ndikulembamu wagona pa bedi langa, mapazi atakulungidwa nsalu.

Anafika Lachisanu masana ine ndili ku ntchito. A Wieland ndi amene anatsegula chitseko, anapeza munthu wonunkha nkhosa atagwira kapepala ka adiresi yanga, kamene anang'amba pa envelopu yako kalekale. Sanamufunse kanthu. Anamutenthetsera madzi, anamupatsa malaya awo. Nditafika ndinamupeza atakhala kukhitchini akudya mbatata, malaya akulendewera ngati pa chingwe. Ndinamumenya mbama, kenako sindinamusiye kwa ola lathunthu.

Akuti atamusiya dokotala pamsewu sanabwererenso kuphiri. Galu anamuthamangitsa ndi miyala kuti asamutsatire. Anayenda wapansi masiku asanu ndi anayi mpaka kudoko, akubisala m'tchire, ndipo woyendetsa lole ina ya nkhosa anamulowetsa m'sitima ya pamadzi ngati wothandizira wake. Atawoloka nyanja anakwera malole ena mpaka kuno. Za Murru sindinamuuze.

A Wieland ndawauza zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndiye mayi uja anadzigwetsa chifukwa cha ine." Anapita kuchipinda kwawo, sanatulukenso mpaka chakudya chamadzulo.

Ine ndinkafuna kuti Mialinu akhale konkuno, ndimupezere ntchito, aiwalike. Wakana. Akuti akabisala, Zizzu adzatsala mfumu m'mudzimo ndipo iwe ndi amayi simudzagona tulo mpaka kufa. Akufuna kukadzipereka n'kutchula mayina onse. A Wieland apeza loya wa Chitaliyana kuno, ndipo Lachinayi la sabata yamawa loyayo akwera naye sitima ya pamtunda mpaka kumalire a dziko lathu, kuti akadzipereke kwa apolisi a kumeneko, kutali ndi chilumba. Loyayo akuti ndende sangaipewe, koma mawu a dokotala adzamuthandiza. Ndinakulembera kuti ukhale chete, ndipo mukadandimvera nonse awiri bwenzi munthu uja atakwiriridwa. Sindibwerezanso kukulangiza ngati wodziwa.

Koma ichi chokha undimvere. Mpaka apolisi atamugwira Zizzu ndi anzake, m'mudzimo asadziwe munthu kuti Mialinu ali moyo. Akangodziwa kuti wathawa ndi pakamwa pake, adzabwera kwa iwe kuti amutseke. Amayi usawauze. Ndikudziwa kuti ayamba kumva mphekesera ndipo alira, koma amauza aliyense wolowa m'nyumba zonse zimene akudziwa. Asiye alire masiku khumi amenewa, tchimolo likhale langa. Pasqua umuuze kuti akonze chipinda, ndipo Lachitatu la sabata yomweyo ubwere nawo amayi m'tauni ngati mukupita kuchipatala cha maso. Musanyamule chikwama chachikulu. Nkhosa ndi nkhuku uzisiye.

Tentha kalatayi pa chitofu cha Pasqua. Usagule kanthu kosangalatsa pobwerera, usayende mopepuka. Ukatsika basi ku Sennule, munthu woyamba kukumana naye umuimitse, umufunse ngati sanamuoneko mlongo wako.

Mkulu wako,
Bastiana